Okhoma zidebe a ku Mchesi andikhomera kasitima ka malasha kophunzitsira ana, ndemanga yanga nayi

Kwa amene bandulo yatsala pang'ono ndinene msanga: madala amenewa ntchito amaitha, mtengo wawo ndi wachilungamo, koma nthawi sasunga ndipo penti si mbali yawo olo pang'ono. Pa nyenyezi zisanu ine ndikuwapatsa zinayi, ndipo yachinayiyo ayipezera maso awo osati manja okha.

Shedi yawo ili cha ku Mchesi, mbali ija kumangomveka kugogoda kwa malata kuyambira mmamawa, pakati pa opala matabwa ndi owotcherera mageti. Chikwangwani palibe, mumangoona mbaula zitasanjidwa panja, ndowa, mafanelo, zothirira kudimba, basi mwafika. Amagwira ndi mphwawo, mwana wa mlongo wawo, mnyamata wochangamuka yemwe ndi amene amagwira foni ndi kulandira za Mpamba. Dzina sindilemba pano chifukwa sindinawapemphe, koma mukafika mbali imeneyo mkufunsa kuti madala anakhoma sitima aja ali pati, ana akulozerani, inakhala pa benchi nthawi yaitali moti aliyense anaiona.

Ine ndimaphunzitsa physics pa sekondale ina muno mu Lilongwe, nde chaka chilichonse tikafika poti kutentha kumasanduka bwanji mphamvu yoyendetsa chinthu, ndimajambula pisitoni pa bolodi ana nkumangondiyang'ana. Sindiwadzudzula ayi. Njanji inafika kuno mu 1979 kuchokera ku Salima, nthawi ya madizilo kale, nde mwana wa ku Kawale kapena ku Chinsapo sitima ya malasha akanaionera kuti? Amene anapitako ku Chichiri Museum ku Blantyre ndi omwe anaonako yakale ija ili panja. Ndimafuna chinthu choti mwana agwire, akankhe, aone mikono yachitsulo ikupita kutsogolo ndi kumbuyo. Zogula kunja zilipo, Heljan ya ku Denmark inapanga injini yomweyi pa saizi yotchedwa OO9, yoyenda pa kanjanji ka mamilimita 9, ndipo Peco inapanga mabogi ake, zokongola heavy, koma kanthu kokwana m'chikhatho mu kalasi yodzadza kangaonedwe ndi a benchi yakutsogolo okha, osanenanso za forex ndi msonkho. Nde ndinati bola ndiyese kwathu konkuno.

Imene ndinaoda ndi Lew, injini ya njanji ya Lynton and Barnstaple ku Devon, kumwera chakumadzulo kwa England. Njanji yake inkachoka m'tauni ya Barnstaple nkumakhotakhota m'mapiri a Exmoor mpaka ku Lynton kufupi ndi nyanja, mamailosi 19, tinene kuti makilomita 31. Anaitsegula mu May 1898 nkuitseka pa 29 September 1935, zaka 37 basi. Ine tinjanji tating'ono timeneti ndi matenda anga akale, musandifunse kuti zinayamba bwanji kkkk.

Tsiku loyamba ndinawatengera zithunzi ndi madrawing'i osindikiza. Ndimayembekeza kuti funso loyamba likhala la ndalama, koma madala anayang'ana pepala kwa kanthawi nkufunsa kuti, "Aphunzitsi, zitsulo ziwiri za njanjizi zatalikirana bwanji?" Ndinati mamilimita 597. Anatenga tepi, anayeza pansi, analemba mizere iwiri pa dothi ndi msomali, anaimirira pakati pake nkuseka mpaka kutsokomola. Akuti anthu enieni, akuluakulu ndi katundu wawo, ankakwera pamenepa? Ndinawauza kuti yathu ija ya ku Kanengo ndi mamilimita 1,067 ndipo nayonso kunja amaitcha yopapatiza, chifukwa zikuluzikulu za ku England ndi 1,435. Ndipo zoterezi sizachilendo kuno kwathu, njanji yoyamba ya ku Beira inali ya mamilimita 610 okha mpaka pomwe anaikuza mu 1900. Anangoti "oho," nkubwereranso ku pepala.

Funso lawo linali la nzeru kuposa mmene ndinaganizira, chifukwa maonekedwe onse a injiniyi amachokera pamenepo. Thupi lake ndi lotakata pafupifupi mamita awiri koma laima pa kanjanji kosakwana masentimita 60. Kuti boyila ndi ng'anjo zikwane, opanga ake a Manning Wardle a ku Leeds anaika felemu kunja kwa mawilo, nde mawilo akuluakulu amabisika mkati, chimene umaona kunja ndi makiranki ali kumapeto kwa ekiselo ndi mikono yolumikiza. Ambiri ojambula sitima, ngakhale ana anga a sukulu ojambula bwino, amaika mawilo kunja chifukwa ndi mmene tinazolowera. Madala anaona okha pa chithunzi chakuda ndi choyera kuti mawilo ali mkati, ine ndisananene, ndipo anafotokozanso chifukwa chake, akuti katundu wolemera akakhala pansi ndipo masipuling'i atatalikirana, chinthu sichipendama chikamakhota. Munthu woti sekondale sanapiteko. Apa mpamene ndinatulutsa dipoziti.

Tinagwirizana K120,000, theka poyamba theka pomaliza, kenako panaonjezereka K15,000 ya mawilo yomwe poyamba sinatchulidwe. Sindinakondwe nazo koma nditaona mmene mawilowo anapangidwira ndinangokhala chete. Saizi tinatenga imene okonda tisitima ta m'munda amagwiritsa ntchito, mamilimita 16 pa futi imodzi, kutanthauza kuti chenichenicho wachichepetsa ka 19, njanji yake nkukhala mamilimita 32. Injini yonse imatuluka pafupifupi masentimita 36 m'litali, yoti wakumbuyo kwa kalasi aione bwinobwino.

Lew ndi ya mtundu wa 2-6-2T. Mawilo awiri ang'ono kutsogolo, asanu ndi limodzi oyendetsa pakati, awiri ang'ono kumbuyo, ndipo T uja akunena kuti madzi imanyamula yokha m'mathanki a m'mbali mwa boyila, siikoka ngolo ya madzi ndi malasha. Mathanki amenewa ndi pamene madala anaonetsa kuti lata ndi lawo. Ngodya zakuthwa bwino, zofanana mbali zonse, ndipo mariveti anawapanga pogogoda lata kumbuyo kwake ndi msomali wobunthitsa, umodzi umodzi, mzere wowongoka ngakhale sanagwiritse rula, amangoyeza ndi chikhadabo. Ndinakhala pa chigubu nkumaonera, kugogoda kumodzi kadontho kamodzi, akucheza za mtengo wa feteleza osaphonya olo kamodzi. Boyila ndi paipi yachitsulo yodula, chumuni anachikulunga ndi lata nkuchipinda mlomo pamwamba, ndipo chipewa cha pamwamba pa boyila, momwe mumasonkhana nthunzi, anachisema kuchokera ku mpopi wakale wamkuwa womwe mphwawo anautola kwa ogula sikirapu. Atachipukuta ndi phulusa chinawala moti ndi chimene aliyense amayamba kugwira.

Mawilo ndiwo anavuta. Enieniwo anali mainchesi 33, nde pa saizi yathu ndi mamilimita 44, ndipo ayenera kukhala asanu ndi limodzi ofanana ndendende, okhala ndi kamlomo mkati kogwira njanji. Madala ananena poyera kuti ndi nyundo sizingatheke. Anasema limodzi la thabwa nkupita nalo kwa anzawo oumba mapoto a aluminiyamu, aja amasungunula zitsulo zakale nkuthira mu mchenga, kenako onse anakawazungulitsa pa makina kwa munthu wina wa ku garaja kuti asalale. K15,000 ija inathera kumeneko. Awiri ali ndi timabowo ta mpweya mkati mwa chitsulo koma sizioneka pokhapokha utatembenuza.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene chinatidyera nthawi, ndipo amene mukufuna kupangitsa sitima iliyonse ya nthunzi mverani apa. Makiranki a mbali yakumanja ndi a kumanzere sakhala ofanana, ena amatsogola anzawo ndi madigiri 90. Chifukwa chake nchoti pisitoni ikafika kumapeto kwa silinda imakhala ilibe mphamvu yozungulitsa wilo, nde nthawi imeneyo ya mbali inayo iyenera kukhala pakati pa ulendo pomwe imakankha mwamphamvu, apo ayi sitima itha kuima pa malo oti singadzukenso. Ndi chifukwa chakenso injini ya masilinda awiri imapuma kanayi wilo likazungulira kamodzi, chu chu chu chu ija, poti pisitoni iliyonse imakankhidwa popita ndi pobwera. Vuto ndi loti ma ekiselo atatu onse ayenera kukhala ndi ngodya yofanana, imodzi ikangosiyana pang'ono mikono imakokana mawilo nkumangika. Madala anayesa ndi maso, inamangika. Anayesanso, inayenda theka nkumangika. Amene anapulumutsa zinthu ndi mphwawo, anatenga foni yanga nkuonera mavidiyo a Lyd, injini yofanana ndi Lew, pa YouTube mochedwetsa, kenako anakhoma kathabwa kokhala ndi misomali iwiri koikapo ekiselo iliyonse asanamange kiranki, kuti zonse zituluke chimodzimodzi. Atamaliza anangoti, "Amalume, tayesani tsopano," ndipo inagubuduka kuchoka mbali ina ya benchi mpaka mbali inayo ndi chala chimodzi. Mikono ndi masipoko a njinga ophwanyitsa, ndipo ikuyenda mosalala mpaka lero.

Lyd ndatchulayo ndi injini yatsopano yomwe anaimanga potengera Lew ku Boston Lodge, malo okonzera sitima a njanji ya Ffestiniog ku Wales, inayamba kuyenda mu 2010. Popanda iyo bwenzi tikudalira zithunzi zakale zokhazokha, chifukwa pa injini zisanu za njanjiyi palibe ndi imodzi yomwe imene mungapite kukaiyeza.

Mkangano wathu waukulu unali wa moto. Madala amafuna iziyenda yokha. Akuti aphunzitsi, ine mbaula ndakhoma zaka zonsezi, moto ndimaudziwa, tiike kabokosi ka makala pansi, madzi mu paipi, ana aone utsi weniweni. Ndipo amanena motsimikiza, maso ali gwa. Ndinakana, ndipo inunso akakuuzani zimenezi mukane. Boyila ya Lew yeniyeniyo inkagwira ntchito pa 160 psi, pafupifupi kasanu mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono, ndipo ngakhale kaboyila kakang'ono kamafuna mkuwa womatidwa ndi siliva, valavu yotulutsa nthunzi ikachuluka, ndi kuyesedwa ndi madzi kaye kasanaone moto. Mtovu umene amamatira ndowa sungapirire zimenezo, madzi akangophwa umasungunuka, nde taganizani ana atazungulira tebulo nkhope zili pafupi. Anakhumudwa pang'ono, tsiku limenelo sanandiperekeze mpaka pa msewu ngati kale.

Koma kukhumudwako kunabala chinthu chabwino kuposa zonse pa sitimayi. Ndinali nditawafotokozera mmene mkati mumakhalira, kuti moto umayaka mu ng'anjo yozunguliridwa ndi madzi, mpweya wotentha umadutsa m'timapaipi tambirimbiri mkati mwa boyila nkukatulukira kutsogolo, nthunzi imakwera m'chipewa chija, dalaivala akatsegula imapita ku masilinda, ndipo ikamaliza kukankha imathamangira mu chumuni nkukoka utsi, kukokako nkumene kumakoleza moto, nde injini ikamalimbikira moto nawo umalimbikira wokha. Nditapita ulendo wina ndinapeza adula mbali imodzi ya boyila kuti izitseguka ndi kahinji, mkati aikamo timapaipi ta mabuleki a galimoto kuchokera ku ng'anjo mpaka kutsogolo, kachitseko kakutsogolo nakonso kakutseguka. Sindinawatume ndipo sanalipiritse. Akuti ngati moto mwaukana, bola ana aone njira yake. Mu kalasi ndimangotsegula pamenepo nkufunsa kuti bwanji timapaipi tambiri m'malo mwa limodzi lalikulu, ndipo amayankha okha za kukula kwa malo okhudzana ndi madzi, zomwe kale ndinkachita kuwaloweza.

Chinanso chimene chinandidabwitsa ndi kanyumba ka dalaivala. Pa zithunzi panali za Lew ndi za anzake akale kuti aone mbali zosiyanasiyana, madala anazisanja pa benchi nkunena kuti izi si sitima imodzi, kumbuyo kwa iyi kwasiyana ndi izi. Zoona ndithu. Zitatu zoyamba, Yeo, Exe ndi Taw, zinapangidwa mu 1897, pomwe Lew inabwera mu 1925 njanjiyi ili kale m'manja mwa Southern Railway yomwe inaitenga mu 1923, ndipo anasintha kanyumbako kuti utsi usamaunjikane komanso dalaivala ndi wothira malasha apeze malo. Maina onsewa ndi a mitsinje ya ku Devon ya zilembo zitatu. Inanso inali Lyn, yochokera kwa Baldwin ku Philadelphia mu 1898 chifukwa mafakitale a ku Britain anali ndi ntchito yambiri yodikira, iyo maonekedwe ake ndi achi America zedi, siingasokonezeke ndi zinzake.

Tsopano zoipa. Nthawi. Tinapangana kuti ikhale itatha teremu isanatsegulidwe, ndinailandira titadutsa pakati pa teremu, mutu womwe ndimaifunira tinali titaumaliza kale moti ndinachita kubwereza. Zifukwa zinali zosatha, lero maliro kumudzi, mawa magetsi kulibe nde ku garaja sanazungulitse mawilo, mkuja foni yathima. Chenicheni chake ndinachiona ndekha, inali nyengo yozizira ndipo oda ya mbaula inali yambiri, mbaula imabweretsa ya ufa lero lomwe pomwe sitima yanga dipoziti inali itadyedwa kale. Ndikuwamvetsa, koma bola akanangondiuza zoona kusiyana ndi "mubwere Lachisanu aphunzitsi" ine nkulipira minibasi ndi kabaza kukapeza ili pomwe ndinaisiya.

Penti mxii. Ya Southern inali yobiriwira modera, zilembo zachikasu. Iwo anatenga yobiriwira yowala ija ya pa mageti, anapaka ndi bulashi yaikulu mokhuthala, mariveti onse aja anagogoda ndi chikondi anakwiririka, mizere ya bulashi ikuoneka, kwina yachita kudontha. Dzina loti SOUTHERN ndi nambala 188 pa thanki zinayamba zazikulu nkumachepa kumapeto poti malo amatha. Ndinachita kuichotsa yonse ndi thina nkupita nayo kwa wolemba zikwangwani yemwe anapopera bwino nkulemba ndi kabulashi kakang'ono, ina K12,000. Nde inu mukapangitsa chinthu kumeneko nenani kuti akupatseni chosapenta, angopaka ya dzimbiri yokha.

Zitsulo zoyendetsa mavalavu, zomwe pa injinizi zinali za mtundu wa Joy, anangoziyerekeza, zilipo koma sizigwira ntchito, nde sindingaonetse ana mmene dalaivala amabwezera sitima m'mbuyo. Apa sindiwaimba mlandu kwambiri, pa saizi imeneyi timapini take ndi tating'ono kuposa zida zomwe ali nazo. Chimene ndingawaimbe nacho mlandu ndi mawilo ang'ono akumbuyo omwe anawamanga osakhota pomwe akutsogolo amakhota, kutanthauza kuti pa njanji yokhota singadutse, chonsecho njanji yeniyeniyo inali makona okhaokha. Kanjanji komwe anandipangira ndi kowongoka, mita imodzi pa thabwa, ndipo pakati pake kapana pang'ono moti umamva sitima ikulimba ikafika pamenepo. M'mphepete mwa denga ndi mwa masitepe munali mwakuthwa, mwana wina anadzicheka chala tsiku loyamba, ndinachita kupala ndi fayilo. Si chidole cha ana aang'ono, musagulire mwana wa nazale.

Pa maulendo opita pachabe aja ndi pomwe tinkacheza za njanjiyo, poti madala amafuna kudziwa kuti chinthu chokongola chonchi chinafa bwanji msanga. Ndinawauza mmene ndikudziwira. Amene anali patsogolo pake ndi Sir George Newnes, mwini magazini wolemera yemwe ankakonda Lynton, yemweyo anaikanso ndalama pa kanjanji kokwera phompho pakati pa Lynton ndi Lynmouth koyenda ndi kulemera kwa madzi, ka 1890, komwe mpaka pano kakugwira ntchito. Anasankha njanji yopapatiza kuti izitsata mapiri m'malo moboola, koma kumanga kunadyabe ndalama zambiri kuposa zomwe anawerengera, panali mlatho wa Chelfham wa zipata 8 wokwera mamita 21 m'mwamba, ndipo kampani inayamba ntchito ili kale ndi ngongole. Mtunda wake malo ambiri unali wokwera mita imodzi pa mamita 50 aliwonse, liwiro lololedwa mamailosi 15 pa ola, ulendo wa makilomita 31 nkumatenga pafupifupi ola ndi theka. Katundu yense ofika ku Barnstaple pa njanji yaikulu amayenera kutsitsidwa nkupakiridwanso m'timabogi tating'ono. Anthu ankadzadza nyengo yotentha yokha pobwera alendo okaona nyanja, nyengo yozizira mabogi nkumayenda opanda kanthu. Ndipo siteshoni ya Lynton anaimanga pamwamba pa phiri, pafupifupi mamita 200 kuchokera pa nyanja, kutali ndi pomwe anthu amapita. Nditanena zimenezi madala anaika nyundo pansi nkuti, "Nde ngati Kanengo tu, munthu wa ku Mchesi akwere minibasi ziwiri kuti akapeze sitima, si bola angopita ku depoti?" Ndi zomwezo zinachitika, misewu itakonzedwa mabasi ndi magalimoto ankakutula pakhomo penipeni. Southern inayesetsa, inagula Lew, inagula mabogi a katundu atsopano, inakonza njanji, koma ndalama sizinkabwerera.

Ine maganizo anga, ngakhale okonda njanjiyi sangasangalale nawo, ndi oti inabwera mochedwa ndipo anaiika molakwika, mabasi anangomalizitsa. Chaka chomwe ankaitseka, 1935, ndi chomwe kuno mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa ndipo njanji yathu inafika ku Salima, kusiyana kwake nkoti yathu inali ndi fodya, tiyi ndi thonje zoti inyamule chaka chonse mtunda wautali, pomwe iyo inkadalira alendo a miyezi yochepa.

Itatsekedwa katundu anagulitsidwa pa okushoni mu November chaka chomwecho. Yeo, Exe, Taw ndi Lyn anazidula nkukhala sikirapu. Lew inatsala chifukwa ogumula njanji ankaigwiritsa ntchito kunyamula zitsulo zomwe akuzula, inali ndi zaka khumi zokha, ndipo mu 1936 inakwezedwa pa sitima yapamadzi yotchedwa Sabor kuchokera ku Swansea kupita ku Brazil. Kuchokera pamenepo palibe anaipezanso, anthu akhala akufufuza mpaka lero. Madala sanavutike nazo, akuti aphunzitsi musamadzinamize, chitsulo cholemera choncho sichikhala pa tchire, wina anachidula kalekale ndipo mwina ndi makasu. Munthu wa zitsulo ameneyo, amadziwa mmene anzake amaganizira. Chosangalatsa nchoti ku Devon anthu odzipereka anatsegulanso kachigawo kakang'ono pa siteshoni ya Woody Bay mu 2004, komwe kanadzafika pafupifupi mailosi imodzi mu 2006, anamanganso Lyn yatsopano yomwe inatha mu 2017, ndipo mlatho wa Chelfham ukadali chiimire.

Kwa aphunzitsi anzanga ndi ena ofuna zoterezi, pitani ndi madrawing'i okhala ndi miyeso ya mamilimita, osati chithunzi cha pa foni chokha, ndipo muwasiyire mapepalawo. Funsani pachiyambi pomwe ngati pali china chimene akachipangitse kwina kuti mtengo usakuonjezerekereni panjira. Musaode nyengo yozizira pomwe mbaula zili pa chimake, ndiponso dzinja likamayandikira amatanganidwa ndi ndowa ndi magata. Dipoziti isapitirire theka. Muzipitako nokha, pa foni zonse zimakhala "zatsala pang'ono". Ikafika kunyumba muzidonthezera mafuta a makina osokera pa makiranki, ndipo isamakhale pa windo nthawi ya mvula, masipoko aja amachita dzimbiri msanga.

Mphwawo uja wandiuza kuti akufuna akhome zing'onozing'ono azikagulitsa pa ziboliboli ku Old Town pafupi ndi positi ofesi. Ndamuuza kuti mlendo wochokera ku England sangabwere mpaka kuno kudzagula sitima ya kwawo, bola ayambe ndi zathu, Thistle ndi Shamrock, tiinjini tiwiri toyamba ta Shire Highlands Railway, njanji yomwe inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald komwe pano ndi Nsanje. Nzosavutanso chifukwa mawilo ndi asanu ndi limodzi okha, palibe ang'ono akutsogolo ndi kumbuyo, ndipo izo zilipo atha kukaziona ndi maso. Akuti Khirisimasi akamapita kwa azakhali ake ku Bangwe atenga tepi ya amalume akayeze yekha, ine ndamulonjeza pepala la magirafu ndi ya basi yopita yokha.